Njira zinayi zimene mavayilasi amalowera m'maselo, ndi chida choyenera pa njira iliyonse

Mu 2020 pafupifupi sitolo iliyonse mu Mzuzu inali ndi chidebe cha madzi ndi sopo pakhomo chifukwa cha COVID-19. Patangodutsa zaka ziwiri, alangizi a zaumoyo ankayenda nyumba ndi nyumba ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo ndi Luwinga kudonthezera ana katemera wa poliyo mkamwa. Matenda onse awiriwa amayamba ndi vayilasi, koma zida zolimbana nawo zinali zosiyana, ndipo ena amaganiza kuti a zaumoyo amangosinthasintha zonena. Si choncho. Vayilasi iliyonse ili ndi njira yake yolowera mu selo, kamodzi ka tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la chamoyo, ndipo kapangidwe ka thupi lake kamayenderana ndi njirayo. Mukadziwa njira, mumadziwanso chifukwa chake sopo amathandiza pano koma osati apo, komanso chifukwa chake katemera wa COVID-19 anapezeka m'chaka chimodzi pomwe wa HIV akufunidwabe mpaka lero.

Vayilasi payokha siidya, siipuma, siiswana. Ndi malangizo chabe, olembedwa mu RNA kapena DNA, okutidwa ndi mapuloteni. Bakiteriya, monga woyambitsa kolera, ndi selo yodziimira payokha, n'chifukwa chake maantibayotiki amapeza pomugwira. Vayilasi ikalephera kulowa mu selo ya munthu, ya nkhuku kapena ya chinangwa, palibe chimene ingachite. Kuchepa kwake n'kodabwitsa: tizilombo ta HIV toposa 8,000 titandondozana tingadzaze milimita imodzi yokha, ndipo ka poliyo n'kakang'ono kuposa pamenepo pafupifupi kanayi.

Selo nayo yakutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta, ndipo sikabooka wamba. Pamwamba pake pali mapuloteni ambirimbiri amene selo imagwirira ntchito zake, ena olandira mauthenga, ena olowetsa zofunika. Vayilasi imamata pa imodzi mwa mapuloteni amenewa, yomwe tiziitcha cholandirira. Selo yopanda cholandirira choyenera siilowedwa. Pamenepa mavayilasi a anthu ndi a ziweto amafanana. Amasiyana pa zimene zimachitika akamata.

Kuphatikana ndi chikopa cha selo: njira ya HIV

Thirani madzi m'mbale, mudonthezemo madontho awiri a mafuta ophikira, kenako muwakankhe pang'onopang'ono ndi kamtengo. Amayandikana, amakhudzana kwa kanthawi ngati akukana, ndiye mwadzidzidzi asanduka dontho limodzi lalikulu, moti simungalozenso pomwe panali malire. Zimenezo n'zofanana kwambiri ndi zimene HIV imachita. Kachilomboka kali ndi chikopa chakechake cha mafuta, chimene kanatenga ku selo yomwe kanatulukamo. Chikopacho chikaphatikana ndi cha selo yatsopano, zam'kati mwa kachilombo zimangopezeka zili kale mkati.

Kungoti zikopa ziwirizi siziphatikana zokha, pamafunika mphamvu yozikokera pamodzi. Pamwamba pa HIV pali timinga tochepa, kalikonse kopangidwa ndi mapuloteni awiri, gp120 ndi gp41. Choyamba gp120 imagwira puloteni ya CD4, imene ili pa maselo ena a chitetezo cha mthupi. Ndi CD4 yomweyi imene ankayeza kuchipatala pofuna kudziwa ngati munthu ayambe ma ARV. Ikagwira, gp120 imasintha maonekedwe n'kuonetsa mbali yomwe inali yobisika, ndipo mbali imeneyo imagwira cholandirira chachiwiri, CCR5 kapena CXCR4. Apa m'pamene gp41 imatambasuka, kubaya chikopa cha selo, kenako n'kupindika n'kukoka zikopa ziwirizo mpaka zitakhala chimodzi. HIV inapezeka mu 1983 ku Institut Pasteur ku Paris, ntchito ya CD4 inadziwika mu 1984, koma zolandirira zachiwirizi zinadziwika mu 1996.

Mafunso angapo amene amavutabe anthu amayankhidwa pomwepa. Udzudzu sufalitsa HIV chifukwa maselo ake alibe CD4. Kachilomboko kakalowa m'mimba mwa udzudzu kamagayidwa ngati chakudya, ndipo udzudzu ukamaluma umathira malovu ake, osati magazi a munthu amene unamuluma kale. Khungu labwinobwino la pa mkono silipereka mpata chifukwa pamwamba pake pali maselo akufa. Koma zilonda za matenda opatsirana pogonana zimasonkhanitsa maselo a CD4 pamalo otseguka, ndiye chiopsezo chimakwera. Mkati mwa khungu la kunsonga kwa mwamuna mulinso maselo ambiri amene HIV imatha kuwagwira, ndipo kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007 anaonetsa kuti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo cha mwamuna ndi pafupifupi 60 pa 100.

Pali anthu ochepa, makamaka ochokera kumpoto kwa Europe, amene amabadwa opanda CCR5 pa maselo awo, ndipo mitundu yambiri ya HIV imalephera kuwalowa. Mu 2007 madokotala a ku Berlin anaika mwa Timothy Ray Brown, yemwe anali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi, maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wotere. Brown anachira HIV. Chithandizocho n'choopsa ndipo sichingaperekedwe kwa munthu amene ma ARV akumuyendera bwino, koma chinatsimikiza kuti popanda cholandirira chachiwiri kachilomboko kamakakamira panja.

Munthu angaganize kuti njira yofuna zolandirira ziwiri n'njosavuta kutseka. Mankhwala otero alipodi: enfuvirtide, wa 2003, amaletsa gp41 kupindika, ndipo maraviroc, wa 2007, amakhala pa CCR5. Koma woyambayo ndi jakisoni wobaya kawiri pa tsiku, wodula, ndipo wachiwiriyo sagwira ntchito pa HIV yodzera pa CXCR4. Katemera nayenso wakanika kwa zaka 40, chifukwa gp120 yadzikuta ndi mashuga omwe chitetezo cha mthupi chimawaona ngati a thupi lomwelo, imasinthasintha, ndipo mbali zake zofooka zimaonekera kwa kanthawi kochepa kwambiri. Pa HIV, zida zimene zapambana ndi zogwira ntchito kachilombo katalowa kale. Piritsi limodzi la TLD limene ambiri akumwa m'Malawi kuyambira 2019 lili ndi tenofovir ndi lamivudine, oletsa kachilombo kukopera malangizo ake, ndi dolutegravir, woletsa malangizowo kusokedwa mu DNA ya selo. Ndimaona kuti ndi bwino anthu azidziwa zimenezi, chifukwa zikufotokoza kufunika kwa kumwa tsiku lililonse: mankhwalawo ayenera kupezeka mu selo nthawi zonse, kudikira.

Chikuku, ndi chitopa chimene chimatha nkhuku m'makola mwathu, nazonso zimalowa pophatikana ndi chikopa cha selo. Kusiyana kwake n'kwakuti timinga tawo sitisintha kwambiri, ndiye katemera wawo amagwira bwino zedi. Njira ndi yofanana, koma zotsatira n'zosiyana.

Kumezedwa ndi selo: fuluwenza ndi COVID-19

Selo ili ndi chizolowezi chomeza zinthu zakunja. Chikopa chake chimalowa mkati pang'ono, kuzungulira chinthucho, n'kuduka kukhala kathumba. M'kathumbamo selo imathiramo asidi kuti igaye zomwe yameza. Mavayilasi ambiri, mwina ochuluka kuposa a njira ina iliyonse, amadyerera chizolowezi chimenechi.

Fuluwenza, chimfine chachikulu chija chimene chimagwetsa munthu pabedi ndi kuphwanya kwa thupi nyengo yozizira ya June ndi July, ndi chitsanzo chodziwika bwino. Kaminga kake, hemagglutinin, kamamata pa mtundu wa shuga wotchedwa sialic acid, womwe uli pa maselo a m'mphuno ndi pakhosi. Selo imakameza. Asidi akachuluka m'kathumba muja, m'malo mogayidwa, kamingako kamasintha maonekedwe, kubaya khoma la kathumbako n'kuliphatikiza ndi chikopa cha vayilasi. Nthawi yomweyo kabowo kena kotchedwa M2 kamalowetsa asidi mkati mwa vayilasi kuti malangizo ake amasuke. Chida chimene selo inakonzera kuononga mdani ndi chomwe chimauza mdaniyo kuti nthawi yotuluka yakwana.

Chimfine cha mbalame chimakonda sialic acid wa mtundu wina, yemwe ndi wochepa m'mphuno mwa munthu koma amapezeka mkati mwenimweni mwa mapapo. N'chifukwa chake sichifala mosavuta pakati pa anthu, koma chikamugwira munthu chimakhala choopsa.

Kachilombo koyambitsa COVID-19, komwe kanapezeka koyamba m'Malawi pa 2 April 2020, kali ndi njira ziwiri. Kaminga kake ka spike kamagwira puloteni ya ACE2, imene ntchito yake yeniyeni ikukhudza kuthamanga kwa magazi. Spike iyenera kudulidwa kuti igwire ntchito. Ngati pamwamba pa selo pali puloteni yodula yotchedwa TMPRSS2, monga zilili pa maselo ambiri a m'njira ya mpweya, kudulako kumachitikira panja pomwepo ndipo kachilombo kamaphatikana ndi chikopa monga HIV. Ngati palibe, kamalola kumezedwa, n'kukadulidwa m'kathumba ka asidi.

Nkhani ya chloroquine imamveka bwino ukadziwa izi. Akuluakulu amawakumbukira mankhwalawa, owawa ndi oyabwitsa, omwe dziko lino linasiya kuwagwiritsa ntchito pa malungo mu 1993 chifukwa anali atasiya kugwira. Chloroquine amachepetsa asidi m'timatumba ta m'maselo. Kumayambiriro kwa 2020 ofufuza anamuyesa pa maselo a impso za anyani olimidwa mu labotale, ndipo kachilombo ka COVID-19 kanalephera kulowa. Uthenga unafala pa WhatsApp ndi Facebook kuti mankhwala apezeka. Koma maselo a impso za anyaniwo alibe TMPRSS2 yokwanira, ndiye kachilomboko kanali ndi njira imodzi yokha, ya kathumba. Ofufuza a ku Göttingen ku Germany atabwereza pa maselo ochokera ku mapapo a munthu, chloroquine sanathandize, poti kachilombo kankangolowera panja. Kafukufuku wamkulu wa RECOVERY ku Britain, pa odwala enieni, anapezanso mu June 2020 kuti hydroxychloroquine, mankhwala a m'gulu limodzi ndi chloroquine, sachepetsa imfa. Zotsatira zoyambazo sizinali zabodza ayi, kungoti zinatseka njira imene kachilombo sikadalira kwenikweni m'mapapo mwa munthu. Mukamva kuti chomera chakuti kapena mankhwala akuti "apha kachilombo mu labotale," funso loyamba likhale lakuti anayesa pa maselo ati.

Pa njira iyi katemera amachita bwino kuposa pa HIV, chifukwa timinga ta fuluwenza ndi COVID-19 n'tambiri ndipo tili poyera, moti asilikali a m'thupi amatha kutiphimba tisanagwire cholandirira. Vuto ndi lakuti timasintha. Omicron, yomwe asayansi a ku Botswana ndi South Africa anaulula mu November 2021, inali ndi spike yosintha m'malo oposa 30. Katemera anapitiriza kuteteza ku matenda aakulu, koma osati kwenikweni ku kutenga kachilomboko. Ndipo popeza mavayilasi onsewa ali ndi chikopa cha mafuta, sopo ndi sanitaiza amachiphwasula, timinga n'kusowa pokhala.

Kuboola popanda chikopa: poliyo ndi anzake

Kachilombo ka poliyo kalibe chikopa cha mafuta. Ndi chigoba cholimba cha mapuloteni okhaokha, RNA ili mkati. Popeza kalibe choti kaphatikize ndi selo, kamachita zina. Kamagwira cholandirira chotchedwa CD155, selo imakameza, ndiye chigobacho chimafufuma n'kutulutsa timapuloteni tomwe timaboola kabowo pa khoma la kathumba. RNA yokha ndi imene imadutsa pa kabowoko, chigoba chimatsala.

Kusowa chikopa kumeneku ndiye mphamvu yake. Asidi wa m'mimba sakaononga. Kamakhala nthawi yaitali m'madzi oipa ndi m'zimbudzi. Sanitaiza sakaphwasula monga amachitira ndi COVID-19. Kusamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda kumathandizabe, koma pokokolola kachilomboko, osati pokapha, ndiye kusamba kwa changu kwa kungonyowetsa zala sikukwanira. Chimene chimakaononga ndi kuwiritsa madzi kapena klorini wokwanira. Rotavirus, yotsekula ana m'mimba, yomwe katemera wake anayamba m'Malawi mu 2012, ili m'gulu lomweli la opanda chikopa, pamodzi ndi mavayilasi ambiri a chimfine wamba ndi HPV yoyambitsa khansa ya khomo la chiberekero.

Poliyo imayambira m'matumbo. Mwa anthu ambiri imathera momwemo popanda chizindikiro, koma mwa munthu mmodzi pa 200 imafika ku minyewa ya mumsana n'kupuwalitsa. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo ya mtundu wofanana ndi wa ku Pakistan, patangopita nthawi yochepa Africa italengezedwa mu August 2020 kuti yathana nayo. Mwana mmodzi wopuwala amatanthauza kuti pali ena ambiri amene akunyamula kachilomboko osadziwa, n'chifukwa chake katemera anaperekedwa dziko lonse, mobwerezabwereza. Madontho a mkamwa amamanga chitetezo m'matumbo momwe kachilombo kamalowera, motero amadula kufala. Jakisoni amamanga chitetezo m'magazi, choletsa kachilombo kufika ku minyewa. Mayi akafunsa chifukwa chake mwana akulandira zonse ziwiri, yankho ndi limenelo: chimodzi chimateteza mudzi, china chimateteza miyendo ya mwanayo. Chigoba cha poliyo sichisintha kwambiri, ndipo mitundu yake ndi itatu yokha, moti katemera wa m'ma 1950 ndi 1960 akugwirabe ntchito.

Kudikira bala: mavayilasi a mbewu

Selo ya chomera ili ndi khoma lolimba kunja kwa chikopa chake, ndipo vayilasi singalidutse payokha. Imadikira kuti wina aboole. Alimi a nthochi ku Nkhata Bay amadziwa bwino chisaka, chomwe chinatha minda yambiri: masamba amapanikizana pamwamba, aafupi ndi oimirira, ndipo nthochi siibereka. Chimafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi, zimene zimabaya kamlomo kawo mpaka m'mitsempha ya chomera. Khate la chinangwa limayenda ndi tintchentche toyera tokhala kunsi kwa masamba. Vayilasi ya fodya yotchedwa tobacco mosaic, yomwe inali yoyamba kudziwika pa mavayilasi onse m'zaka za 1892 ndi 1898, siifuna n'komwe kachilombo kouluka. Manja ndi mipeni ya mlimi zikakhula tsamba, bala laling'onolo n'lokwanira. Ikalowa mu selo imodzi, vayilasi imasamukira ku ina kudzera m'timipata tolumikiza maselo a chomera.

Pa mbewu palibe katemera kapena piritsi. Ndipo wofalitsa wamkulu nthawi zambiri ndi ife eni, tikatenga mitengo ya chinangwa kapena ana a nthochi m'munda wodwala n'kukabzala kwina. Chomera chodwala chizulidwe chonse n'kuonongedwa, ndipo mbewu ichokere kodalirika. Alangizi a zaulimi ndi a ku Lunyangwa, malo a kafukufuku wa zaulimi omwe ali mu Mzuzu momwemuno, ndi oyenera kuwafunsa za mbewu yopanda matenda ndi mitundu yopirira.

Tikaziika pamodzi

Funso loyamba pa vayilasi iliyonse ndi lakuti ili ndi chikopa cha mafuta kapena ayi. Ngati ili nacho, kunja kwa thupi n'njofooka, ndipo sopo, sanitaiza ndi kuuma zimaigonjetsa. Ngati ilibe, ganizani za madzi akumwa, chimbudzi ndi klorini. Lamuloli lili ndi popatuka: vayilasi ya hepatitis B, yotupitsa chiwindi, ili ndi chikopa koma imatha kukhala masiku 7 m'magazi ouma pa lezala kapena singano, ndiye zida zometera ndi zotemera mphini zisabwerekanidwe. Imalowa m'maselo a chiwindi pogwira puloteni ya NTCP, yomwe ofufuza a ku Beijing anaizindikira mu 2012, ndipo katemera wake ali m'gulu la amene ana amalandira kusikelo kuyambira 2002.

Funso lachiwiri ndi lakuti kaminga kapena chigoba chake chimasintha motani. Kwa ine ili ndiye lolemera kwambiri, kuposa ngakhale njira yolowera. Pa chikuku, poliyo, hepatitis B ndi HPV, zimene sizisintha kwambiri, katemera ndiye chida chopambana, ndipo kholo lozemba sikelo likutaya chinthu chotsimikizika. Pa fuluwenza ndi COVID-19 katemera amathandiza koma amafuna kukonzedwanso. Pa HIV kudalira kwathu kuli pa kondomu, mdulidwe, PrEP (mankhwala oteteza amene amapatsidwa munthu yemwe alibe HIV) ndi ma ARV, amene akatsitsa tizilombo m'magazi mpaka osaoneka pa makina, munthuyo sapatsiranso mnzake pogonana.

Pali vayilasi imodzi yomwe njira yake imatipatsa nthawi, ndipo zimandipweteka kuti nthawiyo timaitaya. Ya chiwewe ili ndi chikopa, ndipo imalowa pomezedwa ngati fuluwenza. Koma galu akaluma, vayilasiyo siithamangira m'magazi. Imakhala kaye pa bala, kenako imalowa kunsonga ya mnyewa n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono kulunjika ku ubongo. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale zimatha kufulumira mpaka sabata imodzi, makamaka bala likakhala kumaso kapena pakhosi, monga zimachitikira ndi ana aang'ono amene msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa galu. Zizindikiro zikayamba, pafupifupi palibe amene amachira. Zisanayambe, katemera amatha kuimitsa matendawo ngakhale munthu walumidwa kale.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, kapena mphaka wosadziwika bwino, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, poti sopo amaphwasula chikopa cha vayilasi ikadali pabala. Musathirepo zitsamba, musamange zolimba, musadikire kuona ngati galuyo afe. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, mukanene kuti ndi galu uti komanso ngati anabayidwa katemera, ndipo jakisoni akayambidwa mumalize onse pa masiku amene akulemberani.